Mtsinje wa Mudi: Kodi Madzi Ake Asenza Chiyani?

Mtsinje wa Mudi umayambira m'mapiri a ku Ndirande. Kumtunda kwake kuli damu lomwe linamangidwa m'zaka za m'ma 1950 kuti lizipatsa madzi anthu a mumzinda wa Blantyre. Ukatsika kuchoka padamulo, mtsinjewu umadutsa pakati pa mafakitale a ku Makata, numalambalala msika waukulu wa Blantyre, kenaka numakathira mu Likhubula. Likhubula naye amatsika mapiri mpaka kukathira mu Shire m'boma la Chikwawa.

Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Chimene munthu wataya mumtsinje pa Makata sichithera pomwepo ayi. Chimayenda ndi madziwo kufikira kumidzi ya kumunsi, kumene amayi amachapa, ana amasamba, alimi amathirira madimba, ndipo asodzi amatchera mono. Chotero nkhani ya Mudi imakhudza anthu akumudzi monga momwe ikhudzira anthu am'tauni.

Chimene Chimalowa M'madzi

Zoipitsa madzi zili m'magulu awiri. Gulu loyamba ndi la zonyansa za m'zimbudzi. Mapaipi a suweji akaphulika, kapena zimbudzi za m'mphepete mwa mitsinje ya Nasolo, Naperi ndi Limbe zikasefukira m'nyengo ya dzinja, tizilombo ta kolera, tayifodi ndi kamwazi timalowa m'madzi. Mliri wa kolera umene unayamba m'mwezi wa Malichi 2022 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo mu Januwale 2023 sukulu za mumzinda wa Blantyre zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha mliriwo.

Gulu lachiwiri ndi la mankhwala ndi zitsulo zosungunuka. Izi zimachokera m'madzi otayidwa ndi mafakitale, mu oyilo wa m'magalaja, m'mabatire akutha ndi m'mankhwala ophera tizilombo m'munda. M'chaka cha 2007, akatswiri a ku Yunivesite ya Malawi anafalitsa zimene anapeza atayeza madzi a m'mitsinje ya mu Blantyre. M'malo ena anapezamo mtovu ndi chitsulo china chotchedwa cadmium zopyola mlingo umene bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limalola. Zitsulo zimenezi sizioneka ndi maso, ndiponso sizinunkha. Madzi angathe kuoneka oyera mbee pamene ali ndi poizoni.

Nsomba Ndiyo Mboni

Nsomba zimapuma mpweya wosungunuka m'madzi. Zonyansa zikachuluka, tizilombo toziwoletsa timatha mpweyawo. Feteleza wokokoloka m'minda nayenso amameretsa ndere zambiri, ndipo nderezo zikafa ndi kuwola, mpweya umatheratu. Pamenepo nsomba zimayandama pamwamba, kukamwa kuli yasa, kenaka nkufa. Matemba ndi makumba ndiwo amayamba kusowa.

Mlamba ndi wopirira, pakuti umatha kupuma mpweya wa kunja. Nchifukwa chake umapezekabe m'madzi oipa momwe nsomba zina zinathawa kale. Koma mlamba umadya pansi m'matope, m'mene zitsulo zija zimadikha. Pang'ono ndi pang'ono zimaunjikana m'chiwindi ndi m'ziwalo zina za nsombayo, ndipo munthu woidya amalandira gawo lake.

Maiko ena anaona kale zowawa za zimenezi. Ku Minamata, m'dziko la Japan, madokotala anazindikira m'chaka cha 1956 nthenda yachilendo yopumbwitsa ubongo. Gwero lake linali chitsulo cha mercury chimene fakitale ina inkataya m'nyanja, ndipo anthu ankachidyera m'nsomba. Ku Zambia, mu Febuluwale 2025, damu la madzi a asidi pa mgodi wina wa kufupi ndi Chambishi linagumuka. Nsomba zinafa mumtsinje wa Kafue, ndipo mzinda wa Kitwe unatsekeredwa madzi kwa kanthawi.

Chimene Zitsulo Zimachita M'thupi

Kolera amagwetsa munthu tsiku limodzi, koma mtovu umagwira ntchito mwakachetechete. Mwana amene akumwa mtovu amachepa magazi, amakula monyentchera, ndipo nzeru zake sizikhwima bwino, kotero kuti kusukulu amavutika. Mayi woyembekezera amapatsira mtovuwo mwana wa m'mimba. Cadmium imaononga impso ndi kufewetsa mafupa. Zizindikiro zimadzaoneka patapita zaka, pamene kuchiza kwavuta kale.

Zoyenera Kuchita

Mfundo imene banja lililonse liyenera kusunga ndi iyi: kuwiritsa madzi kapena kuthiramo kolorini kumapha tizilombo ta matenda, koma sikuchotsa mtovu. Madzi akumwa ndi ophikira ayenera kutungidwa pampopi, pamjigo kapena pachitsime chotetezedwa, osati mumtsinje wochokera kutauni. Madziwo athiridwe kolorini monga mwa malangizo a mlangizi wa zaumoyo, ndi kusungidwa m'chiwiya chovundikira.

Nsomba zopezeka zitafa zokha, kapena zoyandama mofooka, zisatoledwe, zisadyedwe, zisagulitsidwe. Kuyanika kapena kuwamba sikuchotsa poizoni. Nsomba yabwino ichotsedwe matumbo ndi kupsa mokwanira. Kupha nsomba ndi katupe kapena ndi mankhwala a m'munda kumapha ndi timwana tomwe, ndipo kumaika pangozi onse omwa madziwo.

Mlimi asatsukire mpope wopoperera mbewu mumtsinje, ndipo chigubu chimene munali mankhwala chisasanduke chotungira madzi. Chimbudzi chikumbidwe kumunsi kwa chitsime, pa mtunda wosachepera mamita 30. Mabango ndi mitengo ya m'mbali mwa mtsinje isadulidwe, pakuti imasefa dothi ndi feteleza.

Lamulo loona za madzi la 2013 ndi lamulo loteteza chilengedwe la 2017 amaletsa kutaya zoipa mumtsinje popanda chilolezo. Madzi akasintha mtundu, akachita thovu, kapena nsomba zikafa zambiri nthawi imodzi, anthu auze nyakwawa ndi mlangizi wa zaumoyo tsiku lomwelo, kuti uthenga ukafike kwa akuluakulu a boma madzi oipawo asanapite ndi umboni wake. Munthu amene wadya nsomba zotere nayamba kusanza, kutsegula m'mimba kapena chizungulire, atengeredwe kuchipatala msanga.