Mtsikana amene ankathawa Chingerezi lero akuchiimba

Mwana aliyense wa pasukulu ya pulayimale ya boma m'dziko muno amafika pamalo pamene zinthu zimatembenuka. Kuyambira Sitandade 1 mpaka 4 kawirikawiri amaphunzira m'Chichewa, Chingerezi n'kukhala phunziro limodzi chabe pakati pa anzake. Akangolowa Sitandade 5, masamu, sayansi ndi zaulimi zonse zimabwera m'Chingerezi, ndipo mayeso a PSLCE amene bungwe la MANEB limalembetsa ku Sitandade 8 amafuna mwana wodziwerengera yekha mafunso. Ana ambiri amagwa mphwayi pomwepa. Mwana wa mlongo wanga, wa kumapiri a kwa Dambe m'boma la Neno, anali mmodzi mwa iwo. Nkhani ya mmene anasinthira ndimaikamba paliponse, ndipo nthawi zonse ndikamaikamba mtima umandidumpha ndi chimwemwe.

Mtsikanayu sanali wogona mutu ayi. Chichewa ankawerenga mothamanga, moti kutchalitchi ankamupatsa ndime kuti awerengere anzake. Koma ukamuikira buku la Chingerezi m'manja, ankazyolika, pakamwa gwa! Liwu lililonse ankaliloweza palokha, mawa lake n'kuliiwala. Akayesa kutchula, ankawonjezera vawelo kumapeto: "hat" ankati "hati", "goat" ankati "goti", anzake n'kumuseka. Mmawa wa tsiku la sukulu mutu unkamuwawa, koma masana ake unkamupeza kudimba akukumba mbatata ya kachewere mwamphamvu zake zonse. Anabwereza kalasi. Tsiku lina anandiuza mosabisa kuti, "Amalume, Chingerezi si changa. Ndisiyeni ndizilima." Mayi ake anayamba kuda nkhawa, podziwa kumene msewu umenewu umathera kwa mtsikana wakumudzi akasiya sukulu.

Chipulumutso chinachokera pafupi pomwepo. M'mudzimo muli bambo wina wachikulire amene anaphunzitsa pulayimale kwa zaka zambiri asanapume, ndipo aliyense amangowaitana kuti Aphunzitsi. Patchuthi china anamuitana mwanayo pakhonde pawo, n'kumupempha kuti awerenge. Atamvetsera kanthawi, anaseka n'kunena kuti, "Mdzukulu wanga, iwe vuto ulibe. Khutu lako likungomvetsera kolakwika."

Zimene anafotokoza zinanditsegula maso ngakhale ine. M'Chichewa mawu amagwirizana kumayambiriro. Tikati "chingwe chachitali chija chaduka", khutu limatsatira "ch" amene akubwerezedwa kutsogolo kwa liwu lililonse. Kumapeto kulibe chachilendo, pakuti liwu lililonse la Chichewa limathera pa a, e, i, o kapena u. N'chifukwa chake mawu obwereka timawaveka vawelo kumchira: buku, sukulu, supuni. Mwana wathu amakula khutu lake litatchera kutsogolo kwa mawu. Chingerezi chili mwina. Mawu ake ambiri amathera pa konsonanti, ndipo ubale wawo umamvekera kumapeto. Malembo ake ndi 26, koma maliwu ake ndi pafupifupi 44, ndipo mwa amenewa pafupifupi 20 ndi a mavawelo, pamene ife tili ndi asanu okha. Mwana wosauzidwa zimenezi amaona ngati liwu lililonse ndi mlendo woyenda yekha. Aphunzitsi anati ayi, mawu a Chingerezi ali ndi mabanja, ndipo ukadziwa mmodzi wa m'banjamo, abale ake umawazindikira ali patali.

Sanagule kanthu. Anang'amba makatoni akale, natenga khala la pamoto, n'kumanga chingwe pakhonde. Aphunzitsi a m'Malawi amazitchula zimenezi kuti TALULAR, kuphunzitsa ndi zinthu zopezeka pamalo pomwepo. Ndipo mawu oyamba sanawatenge m'buku, anawatenga ku Neno komweko. Analoza phiri n'kulemba "hill". Anafunsa kumene mayi ake amapita ndi chimanga, mwana nati kuchigayo, iwo n'kulemba "mill". Munthu akadwala ndi "ill", mbulu wa mankhwala umene amalandira kuchipatala ndi "pill", kudzaza ndowa ndi "fill". Makatoni asanu analendewera pachingwe, mwanayo n'kuwatchula motsatana akuwomba m'manja. Kenaka anamulembera "bill" osamuuza kanthu. Anayang'ana, n'kutchula yekha molondola. Anadzidzimuka, n'kugwira pakamwa, n'kuyamba kuseka. Aka kanali koyamba kuwerenga liwu la Chingerezi limene palibe anamutchulira.

Kuchokera pamenepo boma lonse la Neno linasanduka buku lake. Tirigu amene amalimidwa kumtunda kozizira kulowera ku Tsangano ndi "wheat", ndipo anabwera ndi "meat", nyama, "heat", kutentha kwa kumunsi ku Lisungwi ndi ku Zalewa, "seat", pokhala, ndi "eat", kudya. Mbuzi ya agogo ake, "goat", inakoka "boat", bwato la pamtsinje wa Shire, ndi "coat", chovala cha m'nyengo yachisanu. Sitima yonyamula malasha kuchokera ku Moatize kupita kudoko la Nacala, imene njanji yake imadutsa m'boma lino, inamupatsa mabanja awiri nthawi imodzi: "train" ndi abale ake "rain", mvula, "grain", njere za mbewu, ndi "pain", ululu, komanso "coal", malasha, pamodzi ndi "goal", chigoli cha pampira. Magetsi a ku Nkula anabweretsa "light", kuwala, ndipo kumbuyo kwake kunabwera "night", usiku, "fight", ndewu, ndi "tight", chothina.

Aphunzitsi anali ndi lamulo limodzi losaphwanyika: liwu silikwera pachingwe ngati tanthauzo lake silikudziwika. Ankati kutchula mawu omveka mofanana osadziwa chimene akunena n'kungopanga phokoso. Choncho liwu lililonse mwanayo ankalitchula, kulilemba, kunena tanthauzo lake m'Chichewa, kenaka kuliika m'chiganizo chonena za moyo wake. Apa m'pamene anapeza kuti liwu limodzi likhoza kunyamula matanthauzo angapo. "Right" ndi dzanja lamanja, ndi yankho lolondola, komanso ndi ufulu, monga ufulu wa mwana wopita kusukulu. Ndiye palinso "write", kulemba, limene limamveka chimodzimodzi koma kalembedwe n'kosiyana. M'malo moopa, iye ankakondwa ngati watola ndalama panjira.

Tsiku limene mudzi wonse unamva kuseka kwake linali la "rice" ndi "lice". M'Chichewa l ndi r ndi liwu limodzi, n'chifukwa chake wina amalemba "Chingerezi" wina "Chingelezi" popanda kusokoneza munthu. M'Chingerezi kusiyana kwake n'kwakukulu: "rice" ndi mpunga, "lice" ndi nsabwe. Atamva kuti munthu akhoza kupempha mbale ya nsabwe pomwe akufuna mpunga, anagubuduzika pamphasa misozi ili mbwembwembwe. Koma kuyambira tsiku limenelo lilime lake linadziwa pokhala. Anasiyanitsa "light" ndi "right", "play", kusewera, ndi "pray", kupemphera, ndipo sanabwererenso m'mbuyo.

Atazolowera, Aphunzitsi anamuonetsa misampha. Pali mawu omveka mofanana koma olembedwa mosiyana, monga "blue", "shoe", "two" ndi "through". Palinso olembedwa mofanana koma omveka mosiyana: "food", chakudya, "good", chabwino, ndi "blood", magazi, onse ali ndi "oo" koma aliyense akuimba nyimbo yake. Mwanayo anafunsa chifukwa chake, ndipo yankho lilipo. Pakati pa zaka za 1400 ndi 1700 katchulidwe ka mavawelo a Chingerezi kanasintha kwambiri. M'nthawi yomweyo, m'chaka cha 1476, William Caxton anayambitsa makina osindikizira mabuku ku Westminster, ndipo pang'ono ndi pang'ono kalembedwe kanakhazikika pomwe pakamwa pa anthu pankapitiriza kusintha. Malembo "gh" a mu "night" kale ankatchulidwa, lero angotsala papepala. Atamva izi mtsikanayo anapumira m'mwamba. Anazindikira kuti kuvuta kwa Chingerezi kuli ndi mbiri yake, sikuchokera m'mutu mwake.

Sukulu itatsegulidwa, anzake anaona munthu wina. Uja ankabisala kumbuyo anayamba kukhala kutsogolo, dzanja lili m'mwamba funso lisanathe. Aphunzitsi ake a m'kalasi anachita kuitanitsa mayi ake kuti adziwe chimene mwana wadya patchuthi. Mutu wa mmawa uja unatheratu. Anayamba kuwerenga chilichonse chimene chili ndi malembo: matumba a feteleza, mapepala a sopo, zikwangwani za pamsika. Ulendo wina tikutsikira ku Zalewa m'nyengo ya manachesi, anawerenga zolembedwa pamalole onse amene tinakumana nawo, anthu a m'galimoto n'kumamuwombera m'manja.

Chimene chinandikhudza koposa chinachitika kunyumba. Agogo ake amalandira mankhwala a kuthamanga kwa magazi, pakuti ku Neno chithandizo cha matenda okhalitsa chinafika pafupi ndi anthu kuchokera pamene bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo linayamba kugwira ntchito limodzi ndi boma m'chaka cha 2007. Tsiku lina agogo anasokoneza timapepala ta mankhwala. Mdzukulu anatenga, n'kuwerenga, n'kunena modekha kuti, "Agogo, awa alemba kuti night, ndiye kuti muzimwa usiku." Agogo anamuyang'ana, n'kuimba nthungululu m'nyumba momwemo. Liwu limene linayamba ngati masewera a pachingwe linali litagwira ntchito yeniyeni.

Sizinathere pa iye yekha. Madzulo ana a m'mudzimo amasonkhana pansi pa mtengo, iye ali pakati. Wina amaponya liwu, winayo ayenera kubweza lina lomveka mofanana ndi kunena tanthauzo lake anzake asanawerenge mpaka 5. Wolephera amatuluka m'bwalo. Amapeka okha tinyimbo ta mawuwa, kuvina kuli mkati. Ana a Sitandade 2 amene sadziwa n'kulemba komwe akutchula kale "goat" popanda vawelo ya kumchira. Mayeso a Sitandade 8 atatuluka, dzina lake linali pakati pa osankhidwa kupita kusekondale. Tsiku limenelo mlongo wanga anapha nkhuku, ndipo mbale yoyamba inapita kwa Aphunzitsi. Lero mtsikana uja ankati ndimusiye azilima akuti akufuna kudzakhala mphunzitsi wa Chingerezi, ndipo akuti adzaphunzitsa kwawo konkuno.

Boma linayambitsa maphunziro aulere a pulayimale m'chaka cha 1994, ndipo m'chaka cha 2016 linakhazikitsa ndondomeko ya National Reading Programme yoti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aphunzire kuwerenga kudzera m'maliwu a malembo ndi maphatikizo, m'Chichewa ndi m'Chingerezi. Imeneyi ndi njira yabwino, ndipo mawu omveka mofanana kumapeto amayenda nayo limodzi. Koma mphunzitsi mmodzi amene ali ndi ana odzaza kalasi sangamvetsere lilime la aliyense. Mbali yotsalayo ndi yathu, makolo, amalume, azakhali ndi achimwene. M'mera mpoyamba, ndipo Chingerezi chimene mwana adzafunika kukhoza kuti alandire satifiketi ya MSCE chimayambira pa timawu tating'ono ngati "hill" ndi "mill".

Inu amene muli ndi mwana amene amazyolika akaona buku la Chingerezi, musafulumire kunena kuti alibe nzeru. Pezani katoni ndi khala, musankhe liwu limodzi la chinthu chimene amachiona tsiku ndi tsiku, mufufuze naye abale ake a liwulo, ndipo musalole liwu lidutse osadziwa tanthauzo lake. Ngati inuyo Chingerezi simuchidziwa, m'mudzi mwanu muli aphunzitsi opuma kapena wophunzira wa kusekondale amene angathandize. Yambani sabata ino.