Wailesi ya mu Juni, Chimanga cha mu Febuluwale

Katundu wa ku Kasungu amayenda maulendo awiri pa chaka. Mu Juni amachoka m'sitolo kupita kumudzi ali m'katoni yake, atamangidwa pa kaliyala ya njinga, mwini wake akuimba mluzu. Mu Febuluwale katundu yemweyo amabwerera pa boma atakulungidwa m'chitenje, mwini wake akufunsa amene angamupatseko ndowa ziwiri za chimanga. Wailesi, matiresi, foni, batire la sola, ngakhale njinga yomweyo, zonse zimaidziwa njira imeneyi uku ndi uku.

Ife a m'tauni timakonda kumuseka mlimi wa fodya. Nthano zake timazidziwa tonse: uja akuti adasamba m'manja ndi Fanta, uja adagulira mowa bala yonse, uja adagona ku resitihausi sabata ziwiri mayi akudikira kumudzi. Zina nzoona, zambiri nzothira mchere. Koma tisanaseke, abale anga, tiyeni tione kaye mmene ndalama ya fodya imabwerera, ndi amene amaidikirira panjira.

Nazale amafesa cha mu Sepitembala, nkumathirira m'mawa ndi madzulo dzuwa likuswa mtengo. Mvula ikagwa amawokera, kenaka kupalira, kuthira feteleza, kuthyola, kusoka, kuyanika m'chigafa, kusankha ndi kudinda mabelo pa jeke. Msika umatsegulidwa cha mu Epulo. Miyezi yonseyi banja likugwira ntchito osaona khobidi. Ndiye tsiku lina ndalama ya chaka chonse imagwa pakamodzi, phu! Inu apantchito amene malipiro a mwezi umodzi amakutherani pa 10, atakupatsani a chaka chonse tsiku limodzi mungafike nawo pa Khirisimasi?

Ndalama imeneyi sidayambe kale kulowa m'midzi. Kufikira 1990, lamulo la Special Crops Act silinkalola mlimi wamng'ono kulima fodya wa bale. Ameneyo adali wa maesiteti, monga a General Farming a kampani ya Press, ndipo munthu wamba ankalowamo ngati tenanti kapena waganyu. Lamulo litafewa, makalabu a alimi adayamba kugulitsa okha ku okushoni, kumene mtengo umatchulidwa m'madola. Ndalama idafika kwa Santhe, kwa Chulu, kwa Wimbe, ku Chamama ndi ku Nkhamenya, ndipo amalonda adailondola ngati ntchentche pa uchi. Pambuyo pake msika wa Chinkhoma udatsegulidwa m'boma lomweli, alimi ambiri nkusiya ulendo wa ku Kanengo. Kuyambira 2012 fodya wochuluka amagulidwa pa kontirakiti, kampani itapereka feteleza ndi mbewu pa ngongole. Choncho nambala yaikulu imene ili pamwamba pa selo shiti si imene mlimi amalandira. Achotsa ngongole, achotsa thiransipoti, ziguduli ndi misonkho. Koma wamalonda amamuikira mtengo ngati walandira yapamwambayo.

Kale mlimi wopeza bwino ankadziwika ndi njinga ya Humber, wailesi ya Nzeru, nsapato za Bata, mayi atavala chitenje cha David Whitehead. Lero ndi njinga yamoto, sola padenga, dishi ya kanema, foni yosisita ndi sipika yaikulu ngati kabati. Kukhumba zabwino si mlandu, munthu wakhetsa thukuta. Kusiyana kwake nkwakuti njinga ya agogo ija ikadalipo mpaka lero, pamene katundu wambiri amene amadzaza misika nyengo ya okushoni ndi chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Sipika imalira bwino m'sitolo, mvula yoyamba isanagwe yatseka pakhosi. Risiti palibe, ndipo wogulitsa uja adapasula kale benchi lake.

Kutsatsa nako kwapita patsogolo. Galimoto ya zimkuzamawu imaima pa malo ochitira malonda, achinyamata akuvina pamwamba, wina akukuwa kuti ukagula ziwiri yachitatu njaulere ndiponso ulandira sikipa. Chaulere chimenecho mudalipira kale m'ziwiri zija, achimwene. Airtel Money itabwera mu 2012 ndi Mpamba mu 2013, mlimi adapumako kwa akuba amene ankamudikira potuluka ku banki. Koma foni yomweyo yamubweretsera sitolo m'thumba. Mauthenga a mipikisano amalowa usiku ndi usana, ndipo mnyamata amene adathyola fodya miyezi itatu angathe kubetcha belo lathunthu pa mpira wa ku England asanadzuke pa mphasa.

Tsopano bwerani mu Januwale muone malonda a mtundu wina. Pamene pankagulitsidwa zazikuluzikulu pali sopo woduladula, shuga wa pa supuni, mafuta a m'timachubu ndi ufa wa wokumani. Ophunzira, tengani cholembera: werengani timachubu timene timatuluka m'botolo la malita awiri, muchulukitse ndi mtengo wa kachubu kamodzi, mufananitse ndi mtengo wa botololo. Mupeza kuti wosauka ndiye amagula modula kuposa wolemera. Ndalama ikatheratu, wailesi imapita ku pinyolo, ndipo wakatapila amadikira ndi kabuku kake: tenga K10,000 lero, udzabweze K15,000 kapena K20,000 fodya akagulidwa. Mlimi wameteka kawiri. Adagula modula mu Juni, wagulitsa motchipa mu Febuluwale, ndipo fodya amene akadali m'munda wadyedwa kale.

Akuluakulu a ku Kasungu sadaiwale 2002. Chaka chimenecho bomali lidali limodzi mwa amene njala idawasautsa koposa. Anthu adagulitsa mbuzi, ng'ombe, njinga ndi ziwiya pa mtengo wotaya kuti apeze mbale ya gaga, mpaka mu Febuluwale boma la a Bakili Muluzi lidalengeza kuti dziko lili pa ngozi ya njala. Tsamba la fodya silidalowe mu m'phika wa munthu aliyense.

Ena mudzati mankhwala ake ndi kusunga ndalama ku banki. Pamenepa ndiye tisamutenge mlimi ngati chitsiru. Mu Meyi 2012 kwacha idagwa kuchoka pa K167 kufika pa K250 pa dola imodzi. Mu Meyi 2022 idagwanso ndi 25 peresenti. Maulendo awiriwa msika wa fodya udali m'kati, kotero amene adali asanagulitse adapezako makwacha ochuluka. Koma mu Novembala 2023 idagwa ndi 44 peresenti msika utatsekedwa kale, nthawi yeniyeni yogula feteleza. Amene adasunga makwacha ake mwaulemu adadzuka m'mawa ndalama yake ikugula matumba ochepa kuposa dzulo lake. Makolo adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Mlimi amene amathamangira ku sitolo tsiku lolandira akudziwa kuti kwacha imasungunuka ngati mchere m'madzi.

Choncho funso si lakuti agule kapena asagule. Funso ndi lakuti agule chiyani. Pali katundu amene amasunga ndalama, ndipo pali amene amaidya. Feteleza wa chaka chamawa wogula mu Julayi, chimanga chogula nthawi yokolola mtengo uli pansi nkuthira mankhwala, malata, mbuzi, fizi ya mwana yolipiriratu chaka chonse: izi zimakudikira osatsika mtengo. Sipika ikangotuluka pakhomo la sitolo theka la ndalama yake lapita. Njinga yamoto ili pakatikati: ikamanyamula anthu pa kabaza ndi munda wachiwiri, ikamangoyendera ku mowa ndi dzenje.

Kwa inu amalonda, phindu si tchimo, nanunso muli ndi ana. Koma kasitomala amene mwamugulitsa batire lakufa mu Juni ndi yemweyo adzakudutsani chaka chamawa. Feteleza wosakaniza mchenga amapha munda umene ndalama yanu imachokera. Perekani risiti, sikelo ikhale yoona, mtengo ukhale umodzi kwa wovala tayi ndi wonunkha fodya. Lamulo loteteza ogula lilipo kuyambira 2003, bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo, a Malawi Bureau of Standards amayesa masikelo, ndipo a CAMA akhala akulankhula za ogula kuyambira m'ma 1990. Tsiku limene mlimi adzazidziwe zimenezi, wachinyengo adzasowa pogwira.

Kwa inu ophunzira, ambiri a inu fizi yanu idatuluka m'chigafa. Mukapita ku holide musangofunsa foni yatsopano. Khalani pansi ndi bambo, muitanenso mayi amene adasoka ndi kusankha fodyayo, muwerengere limodzi selo shiti mzere ndi mzere. Gawani chotsalacho pa miyezi 12, osati itatu. Masamu amene mudaphunzira ku Chayamba kapena ku yunivesite ayambe kugwira ntchito pakhonde la kwanu.

Mu 2024 fodya adabweretsa pafupifupi madola 400 miliyoni m'dziko muno, ndipo palibe mbewu ina imene idafikako. Koma mu 2023 Malawi adalowa m'pangano la bungwe la WHO lochepetsa kusuta, ndipo soya ndi mtedza zikulanda mizere m'minda ya ku Kasungu. Kaya fodya atha liti, mbewu iliyonse imene imalipira kamodzi pa chaka idzakumana ndi galimoto ya zimkuzamawu yomweyo. Ikaima pa msika chaka chino, vinani nawo, sikipa yaulereyo landirani ngati akupatsani. Koma musanatulutse ndalama, funsani kaye kunyumba kuti m'nkhokwe muli matumba angati.