Sewero la Yizo Yizo ndi Mlandu Umene Linautsa

Kuyambira kale makolo anali kulangiza ana ndi nthano za ochita zoipa. Fisi wosusuka, Kalulu wonyenga ndi mkamwini wakuba ndiwo za apongozi anali kutchulidwa pamoto madzulo, ndipo panalibe woganiza kuti mwana womva za kuba kwa Fisi adzasanduka mbala. Koma pamene nkhani zotere zinayamba kuoneka pa wailesi ya kanema, panabuka funso lakuti: kodi kuonetsa choipa ndiko kuchenjeza, kapena ndiko kuchiphunzitsa? Funsoli linavuta dziko la South Africa m'chaka cha 2001 chifukwa cha gawo limodzi la sewero lotchedwa Yizo Yizo. Mphunzitsi amene adzatumizidwa ngakhale ku sukulu yakutali, monga za ku Nthalire m'boma la Chitipa, ayenera kuudziwa mlanduwo, pakuti udzampeza komweko.

Dzina lakuti Yizo Yizo, m'kalankhulidwe ka m'makomboni a dzikolo, litanthauza kuti "ndi zomwezo." Seweroli linayamba kuonetsedwa pa wailesi ya SABC1 m'chaka cha 1999, chaka chomwe kanema wa dziko la Malawi anatsegulidwa. Amene analitsogolera ndiwo Teboho Mahlatsi ndi Angus Gibson, ndipo unduna wa maphunziro wa dzikolo unagwirizana ndi wailesiyo pa ntchitoyi, pofuna kuti anthu aone ndi maso kuonongeka kwa sukulu zawo. Magawo 13 oyamba anasimba za sukulu yongopeka yotchedwa Supatsela, kumene zigawenga zinali kulowa ndi mfuti ndi mankhwala ozunguza bongo, aphunzitsi ena nataya mwambo, atsikana nakhala mwamantha.

Achinyamata analikonda kwambiri, koma akulu ambiri anadandaula. Iwo anati anyamata awiri oipa a m'seweromo, Papa Action ndi Chester, asanduka ngwazi pamaso pa ana, kotero kuti ena anali kutengera mayendedwe ndi malankhulidwe awo. Pokonza magawo achiwiri, amene anaonetsedwa m'chaka cha 2001, eni sewero anafuna kuyankha dandaulo limeneli. Anamlowetsa Chester m'ndende, ndipo m'gawo lina mkaidi mnzake anamgwirira, namchititsa manyazi monga iye anali kuchitira ena kunja. Cholinga chinali chakuti mnyamata wosirira uchigawenga aone kuti ndende si malo a ulemu.

Gawo limenelo linautsa mkangano woposa woyamba uja. M'mwezi wa March chaka chomwecho nkhaniyo inafika ku Nyumba ya Malamulo, kumene phungu wa chipani cha ANC, Mayi Lulu Xingwana, anapempha kuti seweroli liletsedwe. Nduna ya maphunziro, Kader Asmal, inaliteteza. Otsutsa anati zotere siziyenera kuonetsedwa madzulo banja lili pamodzi. Ovomereza anati nkhanza za m'ndende ndi zoona, ndipo kuzibisa sikuzithetsa. Potsiriza pake seweroli silinaletsedwe, ndipo magawo achitatu anatuluka m'chaka cha 2004.

Wophunzira zilankhulo za makolo aone bwino chimene chinali pansi pa mkangano umenewu. Anthu omwewo anali ataonera kale mafilimu ambiri a ku America odzala ndi kuphana, osapita nawo ku Nyumba ya Malamulo. Chosiyana chinali chakuti a m'Yizo Yizo anali kulankhula Chizulu, Chisutu ndi chilankhulo cha anyamata a m'misewu, ndi zotukwana zake zomwe. Choipa chonenedwa m'chilankhulo cha alendo chimveka ngati cha kutali, koma chikanenedwa m'mawu a pakhomo chilasa mtima. Ndiponso mwambo wa mitundu yambiri ya mu Africa suletsa kunena za thupi ayi. Ungosankha wonena, malo ndi nthawi. Kwa Achewa zotere ndi za anamkungwi ndi agogo, ndipo kholo silizimva pamodzi ndi mwana wake. Kanema sadziwa malire amenewa: aika bambo, mayi ndi mwana pa mphasa imodzi, nanena zonse.

Pali chinanso. Nthano ya pamoto ili ndi mwini wake. Wosimba aona nkhope za ana pamene ayankha kuti "Tili tonse," ndipo akaona kuti wina wasekerera kuchenjera kwa Kalulu mopitirira, akometsa chilango cha pamapeto kuti phunziro lisatayike. Kanema alibe maso. Chester anayamba kudzionetsa monga ngwazi m'chaka cha 1999, koma chilango chake chachikulu chinaoneka patapita zaka ziwiri, ndipo mwana amene anaona chiyambi chokha anatsala ndi theka la nthano.

Tsono za ku Nthalire zili motere. Dera limeneli lili kumwera kwa boma la Chitipa, kufupi ndi mapiri a Nyika, ndipo ana ambiri akumeneko alankhula Chitumbuka kwawo, namva nthano zimene azitcha vidokoni. Koma masiku ano kutalika kwa njira sikutchinga kanema, pakuti mafilimu ayenda pa foni za m'manja, ndipo m'misika ya kumidzi muli tinyumba toonetseramo mafilimu, ena mwa iwo omasuliridwa m'Chichewa ndi anyamata okometsa nkhani ndi nthabwala. Motero chigawenga cha ku dziko lakutali chilankhula ndi mwana m'chilankhulo chomwe aphunzira m'kalasi, popanda wamkulu pafupi.

Mphunzitsi sangathe kutseka tinyumbato, ndipo kungokalipa kuchititsa ana kubisa zimene aona. Chimene angathe ndicho kutenga malo a wosimba nthano uja. Pa phunziro la kumva ndi kulankhula alole mwana asimbe filimu imene anaonera, ndipo amfunse: analira ndani chifukwa cha munthu ameneyu? Anatha bwanji? Akanachita zotere m'mudzi muno, mfumu ikanaweruza motani? Kenaka ana ayerekeze munthuyo ndi wa m'nthano kapena m'vidokoni za kwawo, ndipo ngati nkhaniyo inathera panjira, aimalize okha polemba kapena pochita sewero. Zimene zikhudza za thupi azipereke kwa makolo ndi alangizi oyenera, monga mwa mwambo wa deralo, pokhapokha zikaonetsa kuti mwana wina akuzunzidwa. Pamenepo adziwitse mphunzitsi wamkulu msanga.

Mmera mpoyamba. Mwana amene wazolowera m'kalasi kufunsa kuti "analira ndani?" adzafunsa chomwecho ali yekha m'kanyumba ka mafilimu, kumene kulibe agogo kapena mphunzitsi.