Phiri la bata pakati pa Joni: mmene akadzidzi anabwezera anthu ku The Wilds

MUKACHULA dzina la Joni, ambiri kuno kwathu amaganiza zinthu zitatu: migodi ya golide kumene makolo athu ena anapita ndi Wenela, masitolo kumene amalonda athu amakaoda katundu, ndiponso akawalala. Amene amapitako pa basi amayenda usana ndi usiku, kudzera ku Chirundu ndi Beitbridge kapena pa ulalo wa Kazungula umene unatsegulidwa mu 2021. Akafika amagula katundu ndalama atazibisa m'masokosi, nabwerera osaona ciriconse kupatula khamu la anthu ndi magalimoto.

Koma makilomita ocepa cabe kucokera pa Park Station, pakati peni-peni pa Johannesburg, pali phiri la miyala ndi mitengo pamene munthu angakhale pansi ndi kumva mbalame. Dzina lake ndi The Wilds, ndipo liri m'dera la Houghton. Kulowa ndi kwaulere. Kukongola kwake nkosakanika, koma cimene catipangitsa kukulemberani za malowa ndi mbiri yake. Paki imeneyi inatsala pang'ono kufa, ndipo amene anaiukitsa ndi anthu wamba.

Mphatso yokhala ndi lamulo

Johannesburg inayamba mu 1886 pamene golide anapezeka. Nthawi imeneyo dera lonselo linali la udzu ndi zitunda za miyala, mitengo inali yowerengeka. Mitengo yambiri imene imaphimba mzindawu lero inacita kubzalidwa, ndipo yambiri ndi yacilendo. Bulugamu anabwera naye kucokera ku Australia cifukwa migodi inafuna mizati yocirikizira pansi. Jakaranda, amene timamudziwa bwino m'misewu ya Lusaka, kwao ndi ku South America.

Mu 1924 kampani ya Johannesburg Consolidated Investment inapereka zitunda ziwiri za ku Houghton kwa khansolo ya mzinda. Inaikapo lamulo lakuti malowo akhale otsegukira anthu ndipo asasinthidwe cilengedwe cake. Kukula kwake ndi mahekitala 16. Kwa inu alimi anzathu, amenewo ndi malima 64.

Mu 1936, mzindawu utakwanitsa zaka 50, kunacitika cionetsero cacikulu cochedwa Empire Exhibition. Citatha, zomera zambiri za m'dziko la South Africa zimene zinaonetsedwa kumeneko anakazibzala pa zitunda zija, ndipo pakiyo inatsegulidwa mu 1938. Mu 1950 inaperekedwa kukhala cikumbutso ca Jan Smuts, amene anali nduna yaikulu ya dzikolo ndiponso wokonda kuphunzira za udzu ndi zomera. Mu 1981 boma linaika The Wilds pa mndandanda wa malo otetezedwa ndi lamulo.

Tisaiwale kuti pa zaka za tsankho Houghton linali dera la azungu. Munthu wakuda amapezekamo monga wanchito wa m'nyumba kapena wa m'maluwa. Manja amene ananyamula miyala ndi kuyala njira za m'phirimo sanali a eni mayadi.

Zimene tinaona

Tinakwera phirili m'nyengo yozizira, m'mawa. Msewu wa Houghton Drive umadula pakiyi pawiri, mbali ya kum'mawa ndi ya kumadzulo, ndipo pali ulalo wa oyenda pansi wolumikiza mbali ziwirizi. Magalimoto amathamanga pansi pa ulalowo osalekeza. Koma tikangokwera pang'ono phokoso limayamba kuzilala, mpaka limangomveka capatali ngati mtsinje wodzala. Cimene cimasokoneza bata ndi mbalame zikulu-zikulu zochedwa hadeda, zimene zimalira ngati mwana wotsinidwa.

Njira zonse ndi zoyalidwa ndi miyala ya pomwepo, ndipo zimazungulira phiri m'malo molunjika pamwamba. Mlimi aliyense wa m'mbali mwa phiri adziwa cifukwa cake: njira yolunjika imasanduka ngalande mvula ikagwa, pamene yokhota-khota imacepetsa liwiro la madzi kuti alowe pansi.

Mwezi wa Juni ndi Julai udzu umakhala wouma, koma ndi nthawi imene zomera za mtundu wa aloe, zija ena amati tembusha, zimacita maluwa ofiira ngati makala a moto pakati pa miyala. Palinso maprotea, ndi zomera zakale kwambiri zooneka ngati kanjedza wamfupi zochedwa cycad. Kumunsi kuli kankhalango ka mitengo ya yellowwood, mtengo umene South Africa inasankha kukhala cizindikiro ca dziko lao. Zonsezi ndi zomera za komweko, zozolowera cisanu ndi miyezi yopanda mvula.

Pamwamba pali mwala woonetsa nthawi ndi mthunzi wa dzuwa, monga mmene agogo athu amadziwira nthawi yoweruka kumunda. Kuyang'ana kumwera, nsanja ya Hillbrow ya mamita 269 imaoneka pafupi ngati mungaikhudze, ndipo pambali pake pali nyumba yobulungira ya Ponte, yosanjikiza kuposa ka 50. Kumpoto kuli mitengo yokha-yokha mpaka ku nyumba zazitali za Sandton.

Zitunda za mzindawu ziri ndi nchito ina yosaoneka. Ndizo zimagawa madzi a mvula. Ogwa kumpoto amatsikira ku mtsinje wa Jukskei, nakalowa mu Limpopo mpaka ku nyanja ya Indian ku Mozambique. Ogwa kumwera amapita ku Vaal ndi Orange mpaka ku nyanja ya Atlantic. Johannesburg iribe mtsinje waukulu, ndipo madzi akumwa amacita kuwapopa kucokera ku damu la Vaal, ena mwa iwo ocokera kutali ku mapiri a Lesotho. Mu mzinda wotere, malo alionse pamene madzi angalowe m'nthaka osakumana ndi simenti ndi cuma.

Pamene anthu anathawa

M'zaka za m'ma 1990 pakati pa mzindawu panasintha. Makampani ambiri anasamukira ku Sandton, umbava unakula, ndipo anthu ena anafwambidwa m'phirimo. Mbiri inawanda kuti ku The Wilds sikopita. Mabanja analeka kupitako.

Taonani mmene zinayendera. Anthu atacepa, chire linakula ndi kuphimba njira. Chire litakula, munthu sakanatha kuona amene ali patsogolo pake, ndipo mantha anakula. Mantha atakula, ngakhale ocepa aja analeka. Mabenchi anaola, zikwangwani zinafufutika. Ana anabadwa ndi kukula m'nyumba zoyang'anana ndi phirilo osapondamo phazi.

Lamulo la 1924 linalipo. Lamulo la 1981 linalipo. Palibe anabwera kudzadula mapuloti. Komabe pakiyo inali yakufa, pakuti pepala limaletsa kumanga nyumba koma silingayende m'njira kapena kupatsa moni mlendo. Ndipo mbiri yoipa ikamera, imakhalitsa kuposa cimene cinaibala.

Akadzidzi 67

M'zaka za m'ma 2010 katswiri wina wojambula ndi kusema, a James Delaney, amene amakhala pafupi ndi phirilo, anayamba kulowamo kuti galu wao apeze koyenda. Anapeza malo okongola koma opanda anthu. Anayamba kubwera ndi zodulira, kusadza nthambi za m'munsi ndi kucotsa zouma kuti munthu azitha kuona patali. Anzao ocepa anayamba kuwathandiza, koma anthu ambiri anali akali ndi mantha.

Tsono mu 2017 anapeza nzeru. Caka ciriconse pa 18 Julai, tsiku lobadwa a Nelson Mandela, anthu a ku South Africa amapereka mphindi 67 kugwira nchito yothandiza ena, pokumbukira zaka 67 zimene a Mandela anatumikira anthu. A Mandela anakhala ku Houghton komweko, ndipo ndiko anamwalirira mu 2013. Pa tsikulo a Delaney anapacika akadzidzi 67 a citsulo, opakidwa utoto wowala, m'mitengo ya yellowwood ija. Anthu anabwera kudzaona, ana akupikisana kuwerenga akadzidziwo. Anajambula zithunzi, zinafalikira pa Facebook, ndipo ena anatsatira.

Tidziwa kuti ena mwa inu mwagwira kale pakamwa. Kwathu kadzidzi akalira pa denga, nyumba yonse sigona, ati wabweretsa uthenga wa maliro. Ku South Africa nakonso ambiri amamuopa motero. Koma mbalame imene timati imaitana imfa ndi imene inabweza moyo pa phiri limeneli. Ndipo kadzidzi weni-weni ndi mlonda wa nkhokwe, cifukwa cakudya cake ndi makoswe ndi mbewa. Mu Johannesburg momwemo, ku komboni ya Alexandra, anaikako mabokosi a akadzidzi m'masukulu ena pofuna kucepetsa makoswe. Musanamuponye mwala, ganizani za cimanga canu.

Pambuyo pa akadzidzi panabwera nyama zina za citsulo: nyamalikiti wamtali woonekera kumsewu, nthiwatiwa, ndi ngoma ya nyanga zopota. Anthu odzipereka anayamba kusonkhana kumapeto kwa sabata kudzalimirira, kuzula zomera zacilendo, kukonza mabenchi, kubzala ndi kuika zikwangwani zolozera njira. Ena anapereka ndalama, ena mbande, ena mphamvu zao cabe. Mwini malowo akali khansolo, kudzera mu nthambi yake ya Johannesburg City Parks and Zoo, ndipo si nthawi zonse pamene odzipereka ndi akulu-akulu a m'maofesi amamvana. Koma mutu umodzi susenza denga, ndipo nchito inapita patsogolo.

Ife tinapeza amai ndi ana ao, acinyamata othamanga, nkhalamba zoyenda ndi ndodo, akuda ndi oyera, ena atakhala okha pa mwala maso ali citsinzinire. Citetezo cacikulu ca pamalopo ndi anthu omwewo. Mbala imakonda malo a zii.

Nanga kwathu?

Lusaka, imene inakhala likulu mu 1935, inakonzedwa kuti ikhale mzinda wa minda ndi mitengo. Lero funsani mwana wa ku Kanyama kapena ku Chawama kumene amasewerera. Mabwalo ambiri amene akulu-akulu amakumbukira anasanduka mapuloti. Mu 2017 mbali ina ya nkhalango ya Forest 27, kumene mtsinje wa Chalimbana umayambira, inacotsedwa pa mndandanda wa nkhalango zotetezedwa, ndipo nyumba zinamangidwa. Alimi a kumunsi kwa mtsinjewo ndiwo adziwa mtengo wake. Ku Chipata, aliyense wokweza maso ku Kanjala ndi mapiri ena ozungulira tauni aona mmene nkhwangwa ndi nyumba zakwerera, ndiponso mmene madzi amatsikira ndi matope mvula ikagwa.

Timakonda kunena kuti ca boma ciribe mwini. Mbiri ya The Wilds itiphunzitsa kuti mwini wa malo a tonse ndi amene amapondapo. Malo osiyidwa amapeza mwini wina msanga: ngati si mbala ya mpeni, ndi mbala ya mapepala. Nkobvuta kugulitsa mwakabisira bwalo pamene ana amasewera tsiku ndi tsiku, kapena kaphiri kamene anthu amakwera Sondo iriyonse akaweruka ku chalichi.

Pafupi-fupi parishi iriyonse, sukulu ndi mudzi ziri ndi kamalo kotere: kaphiri kumbuyo kwa chalichi, msitu wa kumanda, kasupe pamene mtsinje umayambira. Sipafunika ndalama zambiri. A Delaney anayamba ndi galu ndi codulira nthambi. Ife tiri ndi zambiri kuposa pamenepo, pakuti tiri ndi mipingo ing'ono-ing'ono, magulu a amai, makwaya, makopaletivu ndi mafumu. Lambulani njira. Pangani mphambano yochinga moto nyengo ya lupsa isanafike. Siyani zitsa za msuku, mpundu ndi mlombwa ziphukire m'malo mothamangira bulugamu pafupi ndi kasupe. Ikani benchi pamthunzi. Funsani kwa amfumu kapena ku khansolo kuti malire a malowo alembedwe. Koposa zonse, muzipitako.

Kwa ofuna kukaonako

Amalonda ndi ena amene muli ndi ulendo wa ku Joni, patulani maola awiri. Khomo lalikulu liri pa Houghton Drive. Pitani masana, makamaka pa Ciweru kapena pa Sondo m'mawa pamene anthu amakhala ambiri, ndipo pitani awiri kapena atatu. Ndalama za katundu ndi pasipoti musapite nazo kuphiri. Bvalani nsapato zolimba cifukwa njira ndi za miyala, ndipo nyamulani madzi akumwa. Mzindawu uli pamtunda wa mamita oposa 1,700, motero musadabwe mukayamba befu msanga. M'nyengo ya mvula tsikani mitambo ikayamba kuda, pakuti ziphaliwali za kumeneko ndi zoopsa. Osathyola maluwa kapena kuzula mbande kuti mubwere nazo kuno, ndi mlandu.

Ndipo inu owerenga athu amene muli ndi phiri, msitu kapena bwalo limene anthu a kwanu alisunga, kapena limene liri pafupi kulandidwa, tilembereni. Tidzasindikiza makalata anu pa tsamba lino kuti ena atengerepo nzeru.