TCHANA WA TSABOLA, CHAKUDYA CHA AMWENYE

1. Mbeu yache

M'dziko la Mfumu Kuntaja, ku Chileka, ndi kumka mbali za ku Lirangwe, mwana ali yense adziwa nandolo, khobwe, nzama ndi nyemba. Koma iripo mbeu ina ya mtundu womwewo, imene ana ambiri angoiona pa msika osadziwa kumene ichokera. Dzina lache ndi tchana. Dzinali si la kuno iai. Amwenye amati chana, ndipo anthu a kuno pakumva mauwo anawatchula monga mwa lilime lao.

Chomera cha tchana nchachifupi, msinkhu wache ulekeza m'maondo a munthu wamkulu. Masamba ache ali ang'onoang'ono, okhala ndi tiubweya, ndipo atulutsa timadzi towawasa. Makoko ache ali afupiafupi, otupa, ndipo m'khoko limodzi mukhala njere imodzi kapena ziwiri zokha. Njereyo iri ndi kansonga konga mlomo wa mwanapiye.

Mitundu yache yaikulu iripo iwiri. Wina ali ndi njere zazing'ono, zoderako, za khungu lokhakhala. Ameneyo Amwenye amtcha desi, ndiko kunena wakwao. Wina ali ndi njere zazikulu, zoyera, zosalala. Ameneyo amtcha kabuli, potsata dzina la mzinda wa Kabul.

2. Kumene anachokera

Anthu anayamba kulima tchana kale lomwe, zaka zoposa 9,000 zapitazo, ku maiko amene lero atchedwa Turkey ndi Syria. Kuchokera kumeneko mbeuyi inafalikira ku India, ku Ethiopia ndi ku maiko ozungulira nyanja ya Mediterranean. Masiku ano India ndiye aposa maiko onse pa ulimi umenewu: pa matumba 10 ali onse a tchana wa pa dziko lapansi, pafupifupi 7 akololedwa kumeneko.

Amwenye anayamba kufika m'dziko lino zaka zotsiriza za m'ma 1800. Ena anali asilikali amene anadza ndi Harry Johnston mu 1891. Ena anali amalonda ochokera ku Gujarat, amene anatsegula masitolo ku Blantyre, ku Limbe ndi kumidzi. Iwo anadza ndi zakudya zakwao ndi maphikidwe ao. M'zaka za m'ma 1970 boma linalamula kuti Amwenye aleke malonda a kumidzi, nakhale m'mizinda yokha. Masitolo ao a kumidzi anatsekedwa, koma mau onga tchana anatsala m'kamwa mwa anthu.

Tsabola ndi matimati, zimene Amwenye athira mu tchana, nazonso ziri zachilendo. Kwao kwenikweni ndi ku America. Apwitikizi, amene anafika ku India pa nyanja ndi Vasco da Gama mu 1498, ndiwo anatengera tsabola kumeneko m'zaka zotsatira. Chomwecho m'mbale imodzi mukumana mbeu za maiko otalikirana ndithu.

3. Kalimidwe kache

Tchana sakonda mvula yambiri. Chifukwa chache alimi a ku Thyolo, ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Chiradzulu amambzala mvula ikayamba kuchepa, cha m'miyezi ya Febuluwale ndi Malichi, kawirikawiri pakati pa mizere ya chimanga chimene chiri pafupi kukhwima. Muzu wache ulowa pansi kwambiri nupeza chinyezi chimene mvula inasiya. Nyengo yachisanu imkomera, ndipo akhwima patapita miyezi itatu kapena inai.

Dziko la Kuntaja litsetsereka kumka ku mtsinje wa Shire, ndipo litentha kuposa mapiri a ku Thyolo. Chifukwa chache nandolo ndi khobwe ndizo zichuluka m'minda. Koma tchana wouma agulidwa m'misika ndi m'masitolo a ku Blantyre ndi ku Limbe.

Munthu akazula chomera cha tchana adzaona timatuza pa mizu yache, monga pa mizu ya mtedza. M'timatuzamo mukhala tizilombo tosaoneka ndi maso, timene titenga chakudya cha mbeu mu mpweya ndi kuchisiya m'nthaka. Kotero munda wa tchana usanduka wachonde, ndipo chimanga cha chaka chamawa chipindula.

4. Kaphikidwe kache

Amwenye ali nacho chakudya chimene achitcha chana chaat. Mau akuti chaat achokera ku mau ao otanthauza kunyambita, pakuti wakudya amanyambita zala. Ku India chigulitsidwa m'mbali mwa miseu, ndipo Asilamu a kumeneko achikonda pomasula m'mwezi wa Ramadan. Mai ali yense wa kumudzi akhoza kuchikonza, pakuti sichifuna mafuta kapena nyama.

Zofunika ndi izi: makapu 2 a tchana wouma, anyezi mmodzi, matimati atatu, tsabola wa kambuzi mmodzi kapena awiri, ndimu limodzi, ndi mchere pang'ono.

Choyamba mai apeta tchana m'lichero, nachotsa timiyala ndi njere zofumbwa. Atatero amviika m'madzi ambiri usiku wonse. Kukacha njere zatupa, zakula kawiri. Kuviikaku nkofunika ndithu, pakuti tchana wouma ngwolimba, ndipo wosaviika atha nkhuni zambiri asanapse. Pakuti nkhuni zasowa masiku ano, ndipo atsikana amayenda mtunda wautali kukazifuna, usiku umodzi wa madzi upulumutsa mtolo.

M'mawa mai ataya madzi aja, nathira ena atsopano mumphika, nateleka pamoto. Tchana awira ora limodzi kapena kupitirirapo. Mchere authira chakumapeto. Pofuna kudziwa ngati wapsa, atenga njere imodzi naifinya ndi zala: ikaphwanyika mosavuta, yapsa. Njere yosapsa ipweteka m'mimba. Koma asampsetse mpaka kusanduka chipere, pakuti chakudyachi chifuna njere zathunthu. Tsono atsanula msuzi, nausunga kuti athire mu ndiwo zina, nasiya tchana kuti azizire.

Pamenepo aduladula anyezi, matimati ndi tsabola tizidutswa tating'ono, nazisakaniza ndi tchana m'mbale yaikulu, nafinyiramo ndimu. Ndimu likasowa, madzi a bwemba achita ntchito yomweyo, ndipo Amwenye okha amathira bwemba. Iwo aonjezanso masamba onunkhira otchedwa dhania, ndi tinjere totchedwa jira, tokazinga ndi kusinja. Ena aikamo mbatata ya kachewere yophika. Wosakhala nazo zimenezi asadandaule, pakuti mtedza wokazinga wosinja pang'ono ukometsa bwino lomwe. Ndipo tchana yemwe akasowa, nzama, khobwe kapena nandolo zilowa m'malo mwache.

Mai wanzeru ayamba wapatula gawo la ana aang'ono asanathire tsabola. Ndipo wodula kambuzi asagwire m'maso asanasambe m'manja ndi sopo.

5. Za madzi ndi ukhondo

Pano pali chinthu chofunika kusamala koposa zonse. Ndiwo za masiku onse zipita pamoto, ndipo moto upha tizilombo ta matenda. Koma m'chakudya ichi anyezi ndi matimati zidyedwa zaziwisi. Zikatsukidwa ndi madzi oipa, kapena zikagwidwa ndi manja osasamba, matenda alowa m'mbale osaoneka. Paja akulu amati chakudza sichiyimba ng'oma.

Mu 2022 ndi 2023 kolera inavuta dziko lonse la Malawi, nipha anthu oposa 1,700. Mu Januwale 2023 masukulu a m'mizinda ya Blantyre ndi Lilongwe anachedwa kutsegulidwa chifukwa cha nthendayo. Kolera iyenda m'madzi ndi m'zakudya zoipitsidwa ndi chimbudzi cha munthu wodwala, ndipo ntchentche ziithandiza.

Chifukwa chache wokonza chakudyachi asambe m'manja ndi sopo. Atsuke matimati, tsabola, mpeni ndi mbale ndi madzi a pa mjigo osungidwa mu ndowa yovundikira, kapena madzi owiritsa, kapena othira klorini. Ena aganiza kuti ukali wa tsabola ndi kuwawasa kwa ndimu zipha tizilombo tonse, koma si chomwecho iai. Akatha kusakaniza avundikire mbale, ndipo chakudyacho chidyedwe tsiku lomwelo, chisagone.

6. Ubwino wache

Nsima ipatsa mphamvu, koma payokha siikwanira kukulitsa mwana. Thupi lifunanso zakudya zomanga minofu. Pa magalamu 100 a tchana wouma, pafupifupi 20 ali zomanga thupi, pamene mu ufa wa mgaiwa safika 10. Mu tchana mulinso chitsulo, chimene thupi lichifuna popanga magazi. Mwana wochepa magazi atopa msanga, aodzera m'kalasi, ndipo maphunziro salowa m'mutu mwache. Ndimu ndi matimati ziri ndi vitamini C, amene athandiza thupi kutenga chitsulo cha m'mbeu. Chomwecho ndimu lija likometsa chakudya, lithandizanso magazi.

Nyama ndi nsomba zifuna ndalama zambiri, ndipo si nyumba zonse zizipeza sabata ndi sabata. Koma mbeu za m'makoko zisungika miyezi yambiri zikauma bwino ndi kutetezedwa kwa anankafumbwe. Akulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Amwenye anaonetsa njira ina yodyera mbeu zimene ziri kale m'minda ya Kuntaja, ndipo mwana amene waphunzira njirayo, pamodzi ndi kusamala madzi, akhoza kuthandiza amache ndi abale ache.

Mafunso

1. Kodi dzina lakuti tchana linachokera kuti?
2. Chifukwa ninji alimi abzala tchana mvula ikayamba kuchepa?
3. Kodi kuviika tchana usiku wonse kuthandiza bwanji?
4. Chifukwa ninji matimati aawisi afuna kusamala koposa ophika?
5. Tchulani mbeu zitatu zimene zingalowe m'malo mwa tchana.