Kodi Chifundo Chingayesedwe pa Sikelo?

Chaka cha 2024, pamene chilala chinapsereza minda ndipo boma linalengeza mu February kuti dziko lagweredwa tsoka, mphakati wathu wa ku Silverest unasonkha ufa, nyemba ndi ndalama zothandiza osowa. Pamsonkhano wotsatira, mnyamata wina wosunga mabuku a ndalama, amene anangobwera kumene m'nyumba zatsopano za m'mbali mwa msewu wa Great East, anaimirira mwaulemu nati: "Makolo anga, kodi buku losonyeza amene analandira lili kuti?" Mayi wina wachikulire anayankha mopsa mtima: "Mwanawe, kuno si kusitolo. Mulungu ndiye amaona."

Tinavomera kulemba maina, ngakhale monyinyirika. Zimene tinapeza zinatichititsa manyazi. Mabanja okhala pafupi ndi tchalitchi, amene timawadziwa nkhope, analandira kawiri. Agogo ena ogona pamphasa kuseri kwa minda sanalandire ngakhale kamodzi, chifukwa analibe wowayankhulira. Panalibe wakuba pakati pathu, tinangolephera kuwerenga. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Funso la mnyamata uja lafala padziko lonse. Mu 2007, Holden Karnofsky ndi Elie Hassenfeld, amene ankagwira ntchito yochulukitsa chuma cha anthu olemera ku America, anayambitsa bungwe la GiveWell. Cholinga chawo chinali kuyesa mabungwe achifundo monga wamalonda ayesera phindu: pa dola iliyonse, ndi miyoyo ingati yapulumuka? Kafukufuku wawo anaonetsa kuti zinthu zotsika mtengo, monga maneti oteteza ku udzudzu, zimapulumutsa ana ambiri kuposa ntchito zina zotchuka. Nalonso thumba la Global Fund, limene linakhazikitsidwa mu 2002 polimbana ndi Edzi, chifuwa chachikulu ndi malungo, linaika lamulo lakuti ndalama zotsatira zidzabwera pokhapokha zotsatira za ndalama zoyamba zitaoneka. Bungwe la zipatala za mipingo m'dziko muno, limene linayamba mu 1970 ndipo lero likutchedwa CHAZ, linasankhidwa kukhala limodzi mwa olandira ndalamazo, motero asisiteri ndi anamwino a m'mamishoni anaphunzira kulemba odwala ndi mankhwala mosamala.

Ife a m'Zambia tikudziwa zowawa zimene zimadza mabuku akasokonekera. Mu 2009 maiko a Sweden ndi Netherlands anaimitsa thandizo lawo ku unduna wa zaumoyo ndalama zitasowa. Mu 2018 dziko la Britain ndi ena anachitanso chimodzimodzi chifukwa cha ndalama za mabanja osauka zimene sizinafike kwa eni ake. Amene analira kwambiri anali mayi wamasiye wa kumudzi, osati wokhala mu ofesi.

Tisaganize kuti kuwerengera nkwachilendo mu Eklezia. M'buku la Ntchito za Atumwi, mutu 6, anthu ena atadandaula kuti akazi amasiye awo akuiwalika pogawa chakudya, Atumwi anauza okhulupirira kuti asankhe amuna 7 oti ayang'anire ntchitoyo. Paulo Woyera naye, posonkhetsa chopereka cha akhristu osauka a ku Yerusalemu, anafuna kuti abale osankhidwa ndi mipingo ayende nacho, kuti pasapezeke womunenera zoipa. Ngati mtumwi wamkulu sanachite manyazi kuyang'aniridwa, nanga ife ndife yani?

Komabe sikelo ya wamalonda ili ndi malire ake. Wamalonda amasiya katundu wosapindulitsa. Tikatsata nzeru imeneyi mpaka kumapeto, tidzathandiza okhawo amene achira msanga ndi kukongoletsa malipoti athu, ndi kusiya wodwala amene sadzadzukanso. M'boma lathu lomwe lino la Chongwe muli nyumba ya ana amasiye ya Kasisi, imene yakhala ikulera ana kuyambira 1926. Kodi usiku umene sisiteri wachezera atanyamula khanda lodwala tingaulembe pamzere uti? M'zaka za m'ma 1990, Edzi itafika poipa mankhwala ake asanapezeke kuno, amayi a m'maparishi ankasambitsa odwala amene aliyense ankadziwa kuti ali paulendo. Pa buku la phindu ntchito imeneyo inali yotayika. Pamaso pa Mulungu inali nsembe yoyera. Ambuye athu, atakhala moyang'anana ndi bokosi la zopereka, anayamikira mayi wamasiye wa timakobiri tiwiri koposa olemera onse.

Papa Benedikto XVI, m'kalata yake ya mu 2005 yotchedwa Deus Caritas Est, anaphunzitsa kuti otumikira osauka ayenera kuidziwa bwino ntchito yawo, koma kuti luso lokha silikwanira popanda mtima wophunzitsidwa kukonda. Zonse ziwiri zikufunika.

Tsono mphakati uchite chiyani? Choyamba, ukhale ndi kabuku, ndipo anthu awiri osakhala a banja limodzi azisaina ndalama zikamalowa ndi kutuluka. Chachiwiri, mndandanda wa osowa uzilembedwa titayenda nyumba ndi nyumba, osati titakhala pansi pa mtengo. Chachitatu, pakatha miyezi itatu tizibwerera kukafunsa: kodi mwana tinamulipirira uja akali pasukulu? Kodi mbewu tinapereka zinabzalidwa? Chachinayi, lipoti liziwerengedwa pamaso pa onse, koma maina a olandira asatchulidwe, pakuti wosauka naye ali ndi ulemu wake.

Lero mnyamata uja ndiye msungichuma wathu, ndipo mayi wachikulire uja ndiye amamutsogolera m'tinjira ta kuseri kwa minda, kumene galimoto silifika. Agogo aja anatisiya chaka chathachi, atalandira ufa wathu ndi masakramenti. Dzina lawo likali m'kabuku, ndipo timawakumbukira pa Misa.