Injini Yopuma Yokha: Mphamvu Siichokera M'phokoso

Munthu akaima pamsika wa Bangula dzuŵa litapendeka, makutu ake sasoŵa chomva. Malole ochokera ku Nsanje amadutsa akubangula, oitanira maminibasi amatchula Ngabu, Nchalo ndi Blantyre, ndipo pakati pa zonsezi pamamveka kulira kosongoka kwa njinga zamoto za akabaza. Anyamata ambiri amene adalemba mayeso a Fomu 4 nkusoŵa koloŵera atsamira pa njinga zimenezi, ena monga oyendetsa, ena monga ophunzira umakaniko pansi pa mitengo ya m'mbali mwa msewu.

Pakati pa anyamataŵa pali chikhulupiriro chakuti injini yosokosa ndiyo yamphamvu. Nchifukwa chake wina amaboola sailensa, wina amachotsa sefa ya mpweya, poganiza kuti watulukira nzeru ya amisiri a galimoto za liŵiro. Kodi amisiriwo amatani kwenikweni pomanga injini yozungulira maulendo 8,000 kapena 9,000 pa mphindi imodzi, yopanda turbo, koma yoyenda pamsewu wa tsiku ndi tsiku? Yankho lake ndi masamu ndi sayansi zomwe zimaphunzitsidwa kusekondale, ndipo wozinyoza amalipira ndi thumba lake, mwinanso ndi moyo wake.

Kupuma kwa injini

Injini ya petulo ya masiku ano imatsata njira imene Nikolaus Otto wa ku Germany adaikhazikitsa m'chaka cha 1876. Pisitoni imatsika kukoka mpweya ndi petulo, imakwera kuzipanikiza, pulagi imayatsa moto umene umaikankhira pansi, kenaka imakweranso kutulutsa utsi. Kuti petulo apse bwino, kilogalamu imodzi imafuna makilogalamu 14.7 a mpweya. Kuthira petulo wambiri nkosavuta. Chovuta ndicho kuloŵetsa mpweya wokwanira kumuwotcha. Tsono mphamvu ya injini imathera pamene pathera mpweya wake.

Njira zowonjezera mpweya zilipo zitatu. Yoyamba ndiyo kukulitsa masilinda, monga zilili m'malole. Yachiŵiri ndiyo kuika turbo, imene imagwira ntchito ya mvukuto wa wosula makasu, kukankhira mpweya pamoto mokakamiza. Yachitatu ndiyo kuisiya injini kuti izipuma yokha, koma izipuma kambirimbiri pa mphindi. Pamtondo pamakhala zomwezi. Mayi wa dzanja lolemera amasinja ndi nkhonya zoŵerengeka, pamene atsikana aŵiri a misi yopepuka, posinthana mofulumira, amatha kumaliza ntchito yomweyo. Mphamvu ya injini ndiyo kulemera kwa nkhonya iliyonse kuchulukitsa ndi chiŵerengero cha nkhonyazo.

Amene adayenda njira yachitatu

M'chaka cha 1983 kampani ya Toyota idatulutsa injini yotchedwa 4A-GE, ya malita 1.6 ndi mavavu 16, yozungulira kupyola maulendo 7,000 pa mphindi. Pambuyo pake idapatsidwa mavavu 20, ndipo ku South Africa idatchuka m'galimoto za Corolla RSi ndi RXi. M'chaka cha 1989 Honda idatulutsa injini ya B16A, imene pa malita 1.6 idapereka mphamvu yoyerekezedwa ndi akavalo 160, kutanthauza akavalo 100 pa lita iliyonse. Patapita zaka 10, mu 1999, padabwera Honda S2000, ya malita 2, yofika maulendo 9,000 pa mphindi, imene ku Japan idalembedwa mphamvu ya akavalo 250.

Pamipikisano ya Formula One, injini za malita 2.4 za mu 2006 zidafika pafupifupi maulendo 20,000, oyang'anira mpikisano asanaike malire. Afirika nayenso ali ndi mwana wake pankhaniyi. Gordon Murray, wobadwira ku Durban mu 1946, adaonetsa mu 2020 galimoto yake ya T.50, yokhala ndi injini ya masilinda 12 yopangidwa ndi Cosworth, yofika maulendo 12,100 pa mphindi popanda turbo.

Mtengo wa kufulumira

Apa mpofunika choko ndi bolodi. Injini ikamazungulira maulendo 9,000 pa mphindi, ndiye kuti crankshaft ikuzungulira maulendo 150 pa sekondi imodzi. Pisitoni imaima ndi kubwerera maulendo 300 pa sekondi yomweyo, ndipo vavu iliyonse imatseguka ndi kutsekeka maulendo 75. Mu S2000 yoyamba pisitoni imayenda mamilimita 84 kuchoka pamwamba kufika pansi, motero pa kuzungulira kotere liŵiro lake limakwana mamita 25 pa sekondi, kapena kuti makilomita 90 pa ola, m'kampata kosafika kutalika kwa chikhato.

Lamulo lalikulu nali. Mphamvu yofunika kuimitsa pisitoni ndi kuibweza siikula molingana ndi kuzungulira, imakula moŵirikiza. Kuzungulira kukaŵirikiza kaŵiri, katundu wa pachitsulo amaŵirikiza kanayi. Kuchoka pa 6,000 kufika pa 9,000 kumaoneka ngati kuwonjezera theka chabe, koma katunduyo amakula kaŵiri ndi kota. M'injini ya miyeso ya S2000, pisitoni yolemera magalamu 400 ikafika pamwamba pa silinda imakoka konirodi ndi mphamvu ya matani pafupifupi 2, ngati matumba 40 a chimanga a makilogalamu 50 atapachikidwa pa timabawuti tiŵiri. Bawuti imodzi ikangotamuka, konirodi imaboola injini nkutulukira kunja.

Ntchito ya mmisiri

Poona masamu ameneŵa, mmisiri wodziŵa amayamba ndi kufupikitsa ulendo wa pisitoni. Silinda yotambalala ndi ulendo waufupi zimalola kuzungulira kwambiri pisitoni isanatope, komanso zimapereka malo a mavavu akuluakulu. Mu 4A-GE silinda njotambalala mamilimita 81 pamene ulendo ndi mamilimita 77. Injini za Formula One za mu 2006 zidali ndi ulendo wa mamilimita pafupifupi 40 okha.

Chachiŵiri ndicho kupepuza ndi kulinganiza. Mapisitoni ndi makonirodi amasankhidwa opepuka koma olimba, ndipo amaikidwa pasikelo limodzilimodzi kufikira onse atafanana kulemera. Galamu imodzi yosiyana siioneka m'manja, koma pa maulendo 9,000 imasanduka makilogalamu angapo ogwedeza injini. Mpata wa oyilo pakati pa crankshaft ndi mabeyaring'i ngwochepa kuposa kunenepa kwa tsitsi la munthu, choncho suyezedwa ndi diso kapena chala, umayezedwa ndi micrometer. Mabawuti nawo amamangidwa ndi torque wrench pa muyeso wolembedwa m'buku, osati ndi paipi yolumikiza kusipanala. Ntchito yopala crankshaft ndi kukulitsa masilinda imafuna makina olemera, ndipo makaniko wa m'chigwa amakwera nazo zitsulo zake kupita ku Blantyre ndi ku Limbe.

Chachitatu, chomwe ndicho mtima wa nkhani, ndi hedi. Pa kuzungulira kotere silinda imakhala ndi kanthaŵi kosafika gawo limodzi mwa magawo 200 a sekondi kuti idzaze mpweya. Mavavu anayi pa silinda amatsegula khomo lalikulu kuposa aŵiri, ndipo pokhala aang'ono ngopepuka. Njira za mpweya zimasalazidwa mosamala, koma kuzikulitsa mopyola muyeso kumafooketsa liŵiro la mpweya, monga madzi a Shire amazizirira akafika m'dambo la Elephant Marsh. Masipuling'i a mavavu ayenera kulimba, pakuti akafooka vavu imachedwa kubwerera pamalo pake ndipo pisitoni imaipeza panjira. Mapaipi a utsi nawonso amayezedwa utali wake kuti utsi wotuluka m'silinda imodzi uthandize kukoka wa m'silinda inzake. Woboola sailensa ndi msomali sadayeze kanthu. Wangogula phokoso ndi udani wa anansi.

Chachinayi ndi camshaft, imene imalamula nthaŵi yotsegula mavavu. Camshaft yotsegula nthaŵi yaitali imapatsa mphamvu injini ikakwera, koma ikatsika imatsokomola ndi kuzima pamphambano. Galimoto ya mpikisano siisamala zimenezo, koma ya pamsewu iyenera kulira m'maŵa, kuyenda pang'onopang'ono pamsika ndi kunyamuka pachitunda. Honda idathetsa mkanganowu ndi njira ya VTEC, yokhala ndi mapeŵa aŵiri osiyana pa camshaft imodzi, laling'ono la poyenda modekha ndi lalikulu loyamba ntchito injini ikakwera. Ngakhale zidali choncho, pa S2000 za 2004 zogulitsidwa ku North America kampaniyo idakulitsa injini kufika malita 2.2, nkutsitsa malire a kuzungulira kufika pafupifupi 8,000, kuti galimoto izikoka bwino m'tauni. Ngati eni luso adabwerera pambuyo pang'ono, wophunzira asachite manyazi kutero.

Zimene chigwa chimaonjezera

Bangula ali pamalo osafika mamita 100 pamwamba pa nyanja yamchere, pamene Blantyre ali pa mamita oposa 1,000. Kumtunda mpweya ngwopepuka. Galimoto ikawoloka mlatho wa Kamuzu nkuyamba kukwera zitunda za pa Thabwa, injini yopuma yokha imanka nitaya mphamvu, mwakuti pofika mumzinda yataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10, ngakhale kuzizira kwa kumtunda kumabwezako pang'ono. Ya turbo imadzithandiza ndi mvukuto wake.

Koma mwayi umene chigwa chimapereka ndi dzanja limodzi chimalanda ndi linzake. Mu Okotobala ndi Novembala kutentha kumapyola madigiri 40, ndipo mpweya wa madigiri 40 ngwopepuka ndi magawo 8 pa 100 alionse pouyerekeza ndi wa madigiri 15. Choopsa koposa nchakuti injini za mtundu uwu zimapanikiza kwambiri. S2000 ya ku Japan imapanikiza mpweya maulendo 11.7. Mpweya wotentha ukapanikizidwa chotere, mbali ina ya petulo imaphulika yokha laŵi la pulagi lisanaifike, injini nkumagogoda, ndipo kugogoda kumeneko kumadya pisitoni. Oyilo nayenso akatentha amasungunuka nkusiya chitsulo chikukhudza chitsulo. Womanga injini ya m'chigwa ayenera kuchepetsako kupanikiza, kukulitsa radiyeta ndi kuganizira choziziritsira oyilo.

Mankhwala ena a kugogoda amamera m'chigwa momwemo. Malaŵi adayamba kusakaniza ethanol m'petulo mu 1982, fakitale ya ku Dwangwa itatsegulidwa, ndipo kuyambira 2004 PressCane ku Chikwawa yakhala ikutcheza ethanol kuchokera ku zotsalira za nzimbe za ku Nchalo. Ethanol sagogoda msanga. Komabe lita yake ili ndi mphamvu yochepa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa atatu poyerekeza ndi petulo, motero injini yomwa ethanol wambiri iyenera kupatsidwa mafuta ochulukirapo, apo ayi imatentha.

Adani ena aŵiri ndi fumbi ndi madzi. Fumbi la chilimwe likaloŵa m'silinda limasakanikirana ndi oyilo nkumapala maring'i ngati sandipepala, ndipo wochotsa sefa amagulitsa zaka za injini pofuna phindu losaoneka. Paipi yokokera mpweya yoikidwa pansi, monga amachitira a m'magazini a kunja, ndi msampha m'dera limene mitsinje imasefukira pamsewu, monga zidachitikira ndi namondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023. Madzi sapanikizika. Kapu imodzi yokha ikaloŵa m'silinda, konirodi imapindika.

Sukulu ili pakhomo

Galimoto za mtundu wa S2000 sizioneka kaŵirikaŵiri pamsewu wa M1 kumunsi kuno, ndipo kampani idaleka kuzipanga mu 2009. Koma injini yopuma yokha, yozungulira kwambiri, ili pa siteji ya kabaza iliyonse. Njinga zambiri zochokera ku China zidatengera Honda CG125 ya mu 1975, imene silinda yake njotambalala mamilimita 56.5 ndi ulendo wa mamilimita 49.5. Ulendo waufupi umenewu ndiwo umailola kufika maulendo 8,000 pisitoni ikuyenda mamita 13 okha pa sekondi. Amisiri a Honda adaipanga dala yosavuta ndi yopirira, ataona kuti m'maiko osauka eni njinga amachedwa kusintha oyilo. Komabe oyilo wake ndi pafupifupi lita imodzi basi, ndipo imazizira ndi mphepo yokha. Pa dzuŵa la ku Bangula, itanyamula anthu aŵiri ndi thumba la mapira, chimene ikusoŵa si phokoso ayi, koma oyilo watsopano, sefa yoyera ndi mavavu oyezedwa bwino.

Mphunzitsi wa sayansi amene alibe zipangizo angathe kubwereka pisitoni yakutha kwa makaniko, nkuŵerengera pamodzi ndi ophunzira kukula kwa silinda, liŵiro la pisitoni ndi kupanikiza kwake. Wophunzira amene wagwira masamu ndi manja ake saŵaiŵala. Kwa wofuna kupitirira, makomo alipo: masukulu a ntchito za manja oyang'aniridwa ndi TEVETA, bungwe limene lidakhazikitsidwa mu 1999, ndi MUBAS ku Blantyre, imene mpaka 2021 inkatchedwa Polytechnic, komwe amaphunzitsa uinjiniya wa makina.

Pomaliza, lamulo lija la kuŵirikiza silithera m'kati mwa injini. Liŵiro la galimoto likaŵirikiza kaŵiri, mtunda umene mabuleki amafuna kuti aiimitse umaŵirikiza kanayi. Msewu wa pakati pa Bangula ndi Ngabu ngwa onse: ngolo za thonje, ng'ombe zopita kumadzi, njinga za makala ndi ana a sukulu. Akuluakulu adati kuthamanga sikufika. Mmisiri woyenera dzina lake amayamba wakonza mabuleki ndi matayala asanakhudze hedi, ndipo nkhani ya mabulekiwo idzatuluka m'gawo lotsatira.